Makina a Hydrogen Akubwera: Ife a ku Chiparamba Tigulitsa Chiyani?

Anzanga a ku Chiparamba, a m'tauni ya Chipata, a ku Katete ndi ku Lundazi, sendezani mipando tikambirane. Nkhani yake ndi ya magetsi. Nkhani yake ndi ya ndalama. Nkhani yake ndi ya manja athu omwewa.

Chaka cha 2024 palibe wachiiwala. Mvula inakana. Chimanga chinauma chisanamasule, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anaphwa mpaka panafika nthawi yoti mwa makina 6 opukusa magetsi mbali ya Zambia, amodzi okha ndiwo ankazungulira. Malaiti ankathima maola 20 pa tsiku, mwinanso kupitirira. Owotcherera zitsulo ankagona pashopu kuti magetsi akabwera pakati pa usiku adzuke n'kugwira ntchito. Ometa anapachika makina. Nyama inaonongeka m'mafiriji. Dziko lomwe magetsi ake oposa 80 peresenti amachokera kumadzi linadziwa kuti mtambo ukakana, nalonso babu limakana.

Nanga tinatani? Tinagwira m'chiuno n'kumalira? Ayi ndithu. Masola anadzaza m'mashopu. Anyamata omwe dzana sankadziwa kuti inveta n'chiyani anayamba kukwera pamadenga, sipanala m'thumba, waya paphewa. Amayi a m'madimba anayamba kufunsa mitengo ya mapampu oyendera dzuwa. Palibe anatiitanira kusemina. Tinaona vuto, tinaona msika, tinalowa. Ndife anthu otero ife. Ndiye pamene dziko likukamba za makina ena atsopano opangira magetsi, sindikuona chifukwa choti tizimvera nkhaniyi pawindo ngati ya eni ake.

Makinawo dzina lake ndi fuel cell. Amapanga magetsi osawotcha kanthu. Mulibe pisitoni. Mulibe utsi. Mulibe chiphokoso chija cha jenereta chosowetsa tulo aneba. Mbali imodzi mumalowa mpweya wa hydrogen. Mbali inayo mumalowa mpweya wamba tikupumawu, womwe uli ndi oxygen. Pakati pali kachikopa kopyapyala kuposa pepala la m'kope, kopakidwa fumbi la platinum uku ndi uku. Hydrogen ikakhudza platinum imagawika pawiri, ma proton ndi ma electron. Ma proton amadutsa pakachikopa paja. Ma electron amakanizidwa njira, ndiye amazungulira kudzera m'waya, ndipo kuyenda kwawoko ndiwo magetsi. Onse akakumana ndi oxygen tsidya linalo amasanduka madzi. Chotuluka ndi magetsi, kutentha ndi madzi. Basi.

Wina afunsa, kodi si batire lomweli? Ayi. Batire ndi thumba la ufa, likatha latha mpaka mulidzazenso. Fuel cell ndi chigayo, malinga mukuthira chimanga ufa uzingotuluka. Kaselo kamodzi ndi kofooka, kamatulutsa pafupifupi 0.7 volt, sikangayatse ngakhale tochi. N'chifukwa chake amatisanjikiza mazanamazana n'kumanga pamodzi ndi mabawuti, n'kukhala chimene amati stack. Galimoto yoyamba ya Toyota Mirai, yomwe inatuluka mu 2014, inali ndi timaselo 370. Imamwa hydrogen kwa mphindi pafupifupi 5 n'kuyenda makilomita pafupifupi 500, kumbuyo kukudontha madzi okhaokha.

Musaganize kuti ndi za dzulo. William Grove, loya wa ku Wales wokonda sayansi, anaonetsa nzeru imeneyi mu 1839. Inagona zaka zoposa 100 mpaka Francis Bacon wa ku Cambridge anapanga makina otulutsa 5 kilowatt mu 1959. Mu 1969, pamene chombo cha Apollo 11 chinapita kumwezi, magetsi ake ankachokera m'ma fuel cell, ndipo madzi otuluka m'menemo ndiwo anthu a m'chombomo ankamwa.

Ndipo musaganize kuti hydrogen ndi mlendo kuno kwathu. Ku Kwekwe, m'dziko la Zimbabwe, fakitale ya Sable Chemicals inkagawa madzi ndi magetsi n'kutulutsa hydrogen yopangira feteleza kuyambira mu 1972 mpaka mu 2015. Zimene azungu lero akuzitcha zamakono, aneba athu anazichita zaka zoposa 40. Ku Kafue, Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, ikutenga hydrogen m'malasha a pansi n'kupanga ammonia ya feteleza. Ankasamala mapaipi amenewo ndani? Ankamanga mavavu ndani? Ankalondera mageji usiku ndani? Anthu akuda ngati ife, ophunzira m'masukulu onga athu omwewa.

Tsopano tione kumene kuli msika. Ku Japan, kuyambira mu 2009, nyumba mazanamazana a zikwi zaikidwa timakina totchedwa Ene-Farm, topatsa magetsi ndi madzi otentha. Ku America, m'nyumba zosungiramo katundu za Walmart ndi Amazon, ma forklift ambirimbiri amayendera ma fuel cell a kampani ya Plug Power, chifukwa kuthira hydrogen n'kwachangu kuposa kudikira batire kuti lidzaze. Kampani ya Bloom Energy imagulitsa ma fuel cell a mtundu wina, otentha kwambiri, kunyumba zikuluzikulu za makompyuta zomwe sizifuna kuthima ngakhale kamphindi. Ku Germany sitima yapamtunda ya Alstom, Coradia iLint, inayamba kunyamula anthu mu 2018. Mu 2020 Hyundai inatumiza mathiraki ake a Xcient ku Switzerland.

Koma ine maso anga ali pafupi pompa, kumwera kwathu. South Africa imakumba pafupifupi 70 peresenti ya platinum wa dziko lonse lapansi. Zimbabwe nayo ili m'gulu la mayiko atatu otsogola, ndi migodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Fumbi lija lopaka pakachikopa limachokera kuno kuchigawo chathu. Pozindikira zimenezi boma la South Africa linakhazikitsa pulogalamu ya HySA mu 2008 kuti anthu ake asamangokumba mwala koma adziwenso kupanga zipangizo zake. Mu 2014, m'mudzi wa Naledi Trust pafupi ndi Kroonstad, nyumba 34 zinayamba kulandira magetsi ochokera m'ma fuel cell omwera methanol. Mu 2015 masukulu atatu a kumudzi ku Cofimvaba anaikiridwa makina otere kuti magetsi akathima maphunziro asaime. Mudzi. Sukulu ya kumudzi. Kodi malo amenewa akusiyana pati ndi Chiparamba? Namibia nayonso yalowa ndi miyendo iwiri, ndi ntchito ya Hyphen kumwera kwa dzikolo ndi ya Cleanergy ku Walvis Bay.

Pali chithiraki china chimene ndikufuna tichiyang'anitsitse, chifukwa phunziro lathu lonse lili pamenepo. Mu May 2022, pamgodi wa platinum wa Mogalakwena ku Limpopo, kampani ya Anglo American inaonetsa chithiraki cha mumgodi chonyamula matani 290, chopanda injini ya dizilo. Tamverani mmene chinapangidwira. Thupi lake linali la Komatsu. Ma fuel cell 8 anachokera ku Ballard ya ku Canada. Batire linapangidwa ndi Williams Advanced Engineering ya ku England. Kulumikiza zonse inali ntchito ya First Mode ya ku America. Za hydrogen anayendetsa ndi a ENGIE a ku France. Chithiraki chimodzi, makampani mbwee. Ndipo kumbuyo kwa kampani iliyonse mwa amenewa kuli ena ang'onoang'ono osatchulidwa pawailesi: wopanga mapaipi, wopanga mabawuti, wodula marabala, wopinda malata, woluka mawaya, wopenta. Palibe amapanga makina onse yekha. Palibe. Aliyense amabwera ndi kake, n'kulandira yake.

Apa ndikutsineni khutu, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Msika umenewu sunakhwime, ndipo wina akakuuzani kuti mawa m'mawa Great East Road idzaza ndi magalimoto a hydrogen, akukunamizani. Magalimoto ang'onoang'ono a hydrogen sakuyenda malonda, a mabatire anawapitirira kutali. Mu 2024 Shell inatseka malo ake omwetsera hydrogen magalimoto ang'onoang'ono ku California. Mu 2025 kampani ya mathiraki ya Nikola inagwa. Chifukwa chake masamu ake ndi owawa. Kuti mupange kilogalamu imodzi ya hydrogen kuchokera kumadzi pamafunika malita 9 a madzi oyera ndi mayuniti a magetsi oposa 50. Kilogalamuyo imasunga mayuniti 33 okha, ndipo fuel cell imakubwezerani pafupifupi theka la amenewo. Batire labwino limabweza pafupifupi zonse zimene munaikamo. Ndiye panyumba panu, pafoni panu, pashopu yanu yometera, sola ndi batire ndizo zanzeru. Komanso hydrogen yambiri padziko lero ikupangidwabe kuchokera ku gasi ndi malasha.

Ndiye tikuvutikiranji? Chifukwa pali malo pomwe batire limalephera. Chithiraki cha mumgodi chogwira ntchito usana ndi usiku. Nsanja ya netiweki pamwamba paphiri, komwe mbala zimaba dizilo ndi mabatire. Chipatala chofuna magetsi masiku angapo mitambo itaphimba dzuwa. Fakitale ya feteleza. Dziko ngati lathu, lopanda nyanja, lomwe dizilo wake amayenda makilomita oposa 1,700 m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, silinganyoze njira ina iliyonse yosandutsira dzuwa lake kukhala mafuta. Migodi ya Kansanshi, Sentinel ndi Lumwana imamwa dizilo wochuluka zedi. Boma likufuna kuti mkuwa, womwe mu 2024 unapitirira pang'ono matani 800,000, ufike matani 3 miliyoni pofika 2031. Mphamvu yokumbira zonsezo ichokera kuti? Funso limeneli lili ndi ndalama mkati mwake.

Koma chifukwa chachikulu ndi ichi, ndipo muchigwire ndi manja awiri. Zipangizo zozungulira fuel cell ndi zomwezo zozungulira sola, batire, pampu ndi firiji. Luso lake ndi lomwelo. Mukaliphunzira lero, mudya nalo lero. Simukudikira hydrogen kuti mupeze kasitomala. Kasitomala alipo kale, ali pakhomo. Hydrogen ikadzafika idzakupezani muli okonzeka. Ikachedwa, palibe chimene mwataya.

Tiyeni titsegule chitseko cha kabati ya fuel cell tione zili m'katimo. Stack ija, mtima wa makina, ili pakona chabe. Malo otsalawo adzaza ndi zinthu zomwe maso athu amazidziwa. Pali fani yokankha mpweya. Pali sefa yotchinga fumbi. Pali pampu ya madzi oziziritsa ndi radiyeta, mbale wake wa ya minibasi. Pali mapaipi a stainless steel, mavavu ndi mageji. Pali marabala otseka mipata kuti mpweya usathawe. Pali mawaya a mkuwa onenepa, timipiringidzo ta mkuwa tonyamula magetsi, mafyuzi, inveta ndi batire laling'ono lothandizira podzutsa makina. Pali kabatiyo, ya malata opindidwa ndi kupentedwa. Pansi pali konkire. Kunja kuli mpanda, loko, waya wa mphezi. Werengani bwino. Ndi zingati mwa zimenezi zofuna digiri ya ku London? Ndi zingati zomwe mmisiri wa ku Kapata sangazigwire atapatsidwa chojambula ndi muyezo?

Kachikopa ndi platinum tisiyire akuluakulu, pakadali pano. Amenewo amafuna zipinda zopanda ngakhale kafumbi ndi ndalama zankhaninkhani. Ife tiyambe ndi kabati. Tiyambe ndi waya. Tiyambe ndi sefa. Mukudziwa fumbi la kuno mwezi wa September ndi October, mmene limalowera mpaka m'mano. Fuel cell imadana ndi fumbi ndi utsi, ndipo sefa yake iyenera kusinthidwa nthawi ndi nthawi. Kodi kampani ya ku Canada idzatumiza munthu pandege kudzasintha sefa pansanja ya ku Kasenengwa? Idzafuna munthu wa konkuno, wa njinga yamoto, wodziwa njira nthawi ya dzinja, woyankha foni. Makina ogawa madzi kuti atulutse hydrogen, otchedwa electrolyser, amafuna madzi oyeretsedwa kotheratu, opanda mchere uliwonse, onga aja timathira m'batire la galimoto. Wina ayenera kuwasefa, kuwayeza, kuwathira m'zigubu ndi kuwapereka pa tsiku lake. Imeneyo ndi bizinesi. Ma fuel cell otentha aja amathanso kuyendera gasi wa ndowe akayeretsedwa bwino, ndipo kuno kum'mawa nkhumba ndi ng'ombe sitichita kubwereka. Womanga maenje a biogas lero akuphikitsa nsima, mawa adzayatsa magetsi.

Tayang'ananinso pamapu pomwe takhala. Mkuwa ndi wathu, ndipo ZAMEFA ku Luanshya yakhala ikuusandutsa mawaya kwa zaka zoposa 50. Nickel, yemwe amalowa m'makina ogawa madzi ndi m'ma fuel cell otentha, amapezeka ku Munali pafupi ndi Mazabuka ndi ku Enterprise ku Kalumbila. Graphite, yemwe amapangira timbale togawa mpweya mu stack, akukumbidwa ku Balama m'dziko la Mozambique kuyambira mu 2017, ndipo wina wochuluka wapezeka ku Kasiya kufupi ndi Lilongwe. Platinum ali kumwera. Ife tili pakati. Mu April 2022 Zambia ndi DR Congo zinasainirana pangano lopangira limodzi zipangizo za mabatire. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo imalumikizana ndi ya kudoko la Nacala. Chipata cha Mwami chili pakhomo. Kwa ife Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, ndipo kumeneko amalankhula chilankhulo chathu chomwechi. Likulu la COMESA lili m'dziko mwathu. Ena amalipira ndalama zambiri kuti afike pomwe ife tinangobadwira.

Ndipo kupanga zinthu si maloto kwa ife. Funsani akuluakulu za njinga ya Eagle. Inkapangidwa konkuno ku Chipata, kufakitale ya Luangwa Industries. Ku Mansa ankapanga mabatire a tochi ndi wailesi. Ku Livingstone ankamanga magalimoto a Fiat. Mafakitale amenewa anazilala msika utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ine ndimaona kuti china chinawafooketsa n'chakuti analibe gulu la amisiri ang'onoang'ono owazungulira, owapangira tizipangizo. Zambiri zinkabwera m'mabokosi kuchokera kunja, ndalama zakunja zikasowa ntchito n'kuima. Fakitale inapita, koma manja anatsala. Pitani pansi pa mtengo uliwonse wa mango m'mbali mwa msewu, mupeza munthu akuwongola limu, akuluka masipoko, akuwotcherera felemu yothyoka. Ngolo za ng'ombe timapanga tokha. Makina oswera nshawa timapanga tokha. Mafelemu a zitseko ndi mawindo timapanga tokha. Chigayo chikafa sitiitana mzungu.

Manja tili nawo. Mutu tili nawo. Njala ya ntchito tili nayo. Chotsala n'chimodzi, ndipo n'chimene chimasiyanitsa mmisiri wa pamsika ndi supplier wa kampani. Muyezo.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Kasitomala waitanitsa mabokosi 20 osungiramo mabatire. Mmisiri wayeza loyamba ndi tepi, lachiwiri ndi diso, lachitatu ndi chikhatho. Lina chitseko chikukhula pansi. Lina mabowo a mabawuti aphonyana. Lina penti yapakidwa pamwamba pa dzimbiri. Akafunsidwa, yankho lake ndi lija timalidziwa tonse: “Zingokwana, bwana, tingomenya pang'ono ndi hamala.” Anzanga, mawu amenewa atidyera makontirakiti ambiri kuposa load shedding. Kampani sigula bokosi limodzi lokongola. Imagula mabokosi 20 ofanana ndendende, ofika Lachisanu lomwe munalonjeza, ndi invoisi yolembedwa bwino. Mmisiri wina, pamsika womwewo, ndi makina omwewo, amayamba wapanga jig, kachitsulo kogwira zidutswa pamalo amodzi nthawi zonse. Amadula zonse pa muyezo umodzi. Amapala dzimbiri, n'kupaka penti yapansi, kenako yapamwamba. Amalemba nambala pabokosi lililonse ndi m'kope mwake. Tsiku loyamba amaoneka wochedwa. Pakutha pa mwezi ndiye amene foni yake ikulira.

Pa hydrogen nkhani ya muyezo ndi ya moyo ndi imfa. Mpweya umenewu ndi wopepuka kuposa wina uliwonse, ndipo umathawira pakampata pomwe madzi sangadutse. Sununkha. Ukayaka masana lawi lake silioneka bwino. Umayaka ngakhale utangokwana 4 peresenti mumpweya wa m'chipinda. Umalowerera m'zitsulo zina n'kuzichititsa kuthetheka. M'thanki ya galimoto umapanikizidwa kufika 700 bar, pamene tayala la galimoto yomweyo limangofuna 2 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye paipi yake simangidwa ndi lekeni. Imafuna stainless steel ndi kuwotcherera kwa TIG, kuja kwa gasi wa argon, komwe dzanja limodzi limagwira tochi, linalo likudyetsa kawaya pang'onopang'ono, mzere n'kutuluka wosalala, wopanda kabowo ngakhale kamodzi. Ukatha umayeza ndi mpweya wopanikiza, n'kulemba zotsatira papepala. Kodi zimenezi zikuopseni? Zikusangalatseni! Ntchito yovuta ndiyo ya malipiro. Wodziwa TIG sasowa pogwira ngakhale lero: matanki a mkaka, makina okamulira mafuta a mpendadzuwa, miphika ya fakitale ya chiponde, makhitchini a malo ogona alendo ku Mfuwe, zonsezi ndi stainless steel.

Chimodzimodzi inu a mawaya. Kupota mawaya awiri ndi mano n'kukulunga pulasitiki ya shuga kuthe. Gulani chopanira malagi. Phunzirani kuwerenga chojambula cha magetsi. Dziwani kuti waya wonenepa bwanji amanyamula ma amp angati. Ikani fyuzi pomwe pafunika fyuzi. Lembani dzina pawaya aliyense. Ku Chitandika, konkuno kum'mawa, kampani ya ENGIE inayatsa gridi yaing'ono ya sola mu 2019. Ku Chisamba munda wa masola wa 100 megawatt unatsegulidwa mu 2025. A Rural Electrification Authority akupitiriza kufikitsa magetsi kumidzi. Malo onsewa amafuna munthu womanga waya mwaukhondo, ndipo munthu yemweyo ndiye adzaitanidwe tsiku lomwe kabati ya fuel cell idzatsitsidwe pathiraki.

Alongo athu, musaime kumbuyo. Kulumikiza timawaya ta sensa, kuyeza ndi mita, kusunga marekodi, kuwotcherera kwa TIG kumene, zonsezi sizifuna minofu ya mkono. Zimafuna dzanja lodekha ndi diso losalola cholakwa kudutsa. Amene amasankha nshawa za giredi yoyamba, imodziimodzi, osaphonya yowola, ali nalo kale diso limenelo. Valani ovolosi. Tengani chigoba chowotcherera. Kalasi ya physics ndi chemistry si ya anyamata okha.

Mwina mukuti, ndalama zophunzirira tizitenga kuti? Zitseko zilipo, ndipo zina zili pafupi kuposa mmene timaganizira. CDF, yomwe mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa constituency, inakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi K36.1 miliyoni mu 2025, ndipo gawo lina ndi la ma bursary a maphunziro a ntchito zamanja ndi ngongole za magulu a achinyamata ndi amayi. Fomu imayambira ku Ward Development Committee ya kwanu. Chipata Trades Training Institute ili pompa, ndipo satifiketi ya TEVETA ndiyo chinthu choyamba chimene kampani imafunsa. Amene muli ndi luso kale koma mulibe pepala, kalembeni trade test. Lembetsani bizinesi ku PACRA. Tengani TPIN ku ZRA. Tsegulani akaunti ya bizinesi, yosiyana ndi ya ndiwo. A magetsi ndi zitsulo, dziwani njira ya ku Engineering Institution of Zambia. Katundu wanu akayezedwe ku ZABS. Mapepala amenewa ndi otopetsa, inde, koma ndiwo amasandutsa “mnyamata uja wowotcherera” kukhala kampani yolandira oda.

Ndipo musayende nokha. Makina a TIG ndi odula kwa munthu mmodzi, koma anthu 10 a chilimba chimodzi angawagule. Wina ali ndi makina opindira malata. Wina ndi katswiri wa penti. Wina amadziwa kompyuta ndi kulemba kotesheni. Wina ali ndi njinga yamoto. Payekhapayekha ndinu maganyu. Pamodzi ndinu fakitale. Foni yomwe timathera mabandulo pa Facebook ndi TikTok ili ndi maphunziro aulere a kuwotcherera, a magetsi ndi a hydrogen amene. Aphunzitsi a sayansi, inunso muli ndi mbali yanu. Mapensulo awiri osongoka mbali zonse, batire la 9 volt, kapu ya madzi ndi soda pang'ono, ana aone ndi maso awo thovu la hydrogen likutuluka m'madzi. Mwana amene waona zimenezo akadali pasukulu sadzaopa mawu akuti electrolyser akadzakula.

Wina anena kuti, “Ife ndife a kumudzi, izi n'za ku Lusaka ndi ku Kopala.” Ayi, m'bale wanga. Nsanja za netiweki zili kumudzi. Zipatala zopanda magetsi odalirika zili kumudzi. Madimba ofuna mapampu ali kumudzi. Wa ku Lusaka kuti afike kuno ayenda makilomita oposa 500, alipire mafuta, alipire pogona. Inu mungodzuka n'kupalasa. Kukhala kuno ndiye mwayi wanu, ugwiritseni ntchito.

Ndiye sankhani chinthu chimodzi. Chimodzi chokha. Kabati ya mabatire, kapena miyendo ya masola, kapena mawaya oluka kale, kapena madzi oyeretsedwa, kapena ntchito yoyendera makina mwezi ndi mwezi. Chipangeni. Chiyezeni. Chipangeninso. Pangani 10 zofanana, muziike pamzere, muitane munthu wosakukondani adzafufuze cholakwika. Akachipeza, konzani. Akachisowa, jambulani, ikani mtengo, lembani dzina la kampani yanu pamwamba, mukagogode kwa oika masola m'tauni, kwa osamala nsanja za netiweki, kukhonsolo, kumishoni. Akakukanani, funsani chifukwa chake, mubwerere mwezi wamawa mutakonza.

Lolemba likubwerali, amene mulibe satifiketi pitani kwa a Ward Development Committee mukafunse fomu ya bursary. Amene muli ndi shopu, gulani vernier caliper ndi kope la marekodi musanagule china chilichonse. Amene muli pa chilimba, ikani nkhani ya makina a TIG pamsonkhano wotsatira. Tiyeni, anzanga, nyamukani tikayambe.